Sukulu Zikatsekera pa Chisi: Mafunso ndi Mayankho pa za Tchuthi

Tsiku lotsekera sukulu silisowa kulengeza. Dzuwa lisanafike pamutu, ana amakhala atabalalika kale m'tinjira, mapepala a mayeso ali m'manja. Wina akuthamanga kuti akanene kuti wakhala nambala wani, wina akuyenda mozengereza, akusinkhasinkha zokayankha kwa amayi ake. Pa doko la Kachulu, maboti opita ku Chisi amanyamula ana a sekondale obwerera kwawo, zikwama ndi ndowa zili pamiyendo. Aphunzitsi amene kwawo n'kutali nawonso amawolokera kumtunda. Chitsulo chimene chimalira m'mawa uliwonse pasukulu chimangoti zii kwa masabata angapo.

M'tauni, tchuthi ndi nthawi yoti mwana agone mpaka dzuwa litakwera. Pa chilumba cha Chisi, m'dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira m'boma la Zomba, nkhani ndi ina. Nyanja ya Chilwa ili pakhomo penipeni, ndipo imaitana. Mwana sasiya sukulu Lachitatu pakati pa teremu ayi; nthawi zambiri amangopita ku holide, osabwerako. N'chifukwa chake tasonkhanitsa mafunso amene makolo, aphunzitsi ndi ana eniake amafunsa pa nkhaniyi, kuti tiwayankhe limodzi ndi limodzi.

Kodi chaka cha sukulu chimagawidwa bwanji, nanga tchuthi chimagwa liti?

Chaka cha sukulu za pulayimale ndi sekondale m'Malawi chili ndi materemu atatu. Teremu yoyamba imayamba mu Seputembala n'kutha mu Disembala, Khirisimasi itayandikira. Yachiwiri imayamba kumayambiriro kwa Januwale n'kutha chakumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, m'nyengo ya Pasaka. Yachitatu imayamba mu Epulo n'kutha mu Julayi.

Tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Pasaka n'zazifupi, masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono. Chachikulu ndi chija choyamba mu Julayi: chimadya Ogasiti yense mpaka kukafika mu Seputembala, ndipo ndicho chimalekanitsa kalasi ina ndi inzake. Mwana amatsekera ali Sitandade 4, n'kudzatsegulira ali Sitandade 5 ngati anakhoza.

Palinso masiku opuma a dziko lonse amene amagwa m'kati mwa teremu, monga 15 Okutobala tsiku la anakubala, 15 Januwale tsiku la John Chilembwe, 3 Malichi lokumbukira amene anafera ufulu wa dziko lino, 1 Meyi la anthu apantchito, 14 Meyi la Kamuzu, 6 Julayi la ufulu wodzilamulira, komanso Eid imene tsiku lake limatsatira kuoneka kwa mwezi. Amenewa ndi a tsiku limodzi basi. Kholo lisanamizidwe kuti 3 Malichi ikagwa Lachinayi, ndiye kuti Lachisanu lake kulibe sukulu.

Amakonza masiku amenewa ndani? Kodi a hedi kapena amfumu angawasinthe?

Kalendala ya sukulu imachokera ku Unduna wa za Maphunziro ku Lilongwe, ndipo ndi imodzi dziko lonse. Mwana wa pa Chisi amatsekera tsiku limodzi ndi mwana wa ku Karonga kapena ku Nsanje. Uthengawo umadutsa ku ofesi ya maphunziro ya boma la Zomba, n'kufika kwa a PEA oyang'anira sukulu za m'dera, kenako kwa aphunzitsi aakulu. Umalengezedwanso pa wayilesi.

A hedi alibe mphamvu yowonjezera kapena kudula holide mwa okha. Amfumu nawonso alibe mphamvu imeneyo, ngakhale mphamvu yawo pa nkhani yoti ana abwerere kusukulu ndi yaikulu kuposa ya wina aliyense. Chifukwa chake kalendala ili imodzi n'chosavuta kumva. Mayeso a boma amene bungwe la MANEB limalembetsa, a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4, amalembedwa masiku amodzi m'dziko lonse, ndipo mafunso ake ndi amodzimodzi. Pepala silifunsa kuti mwanayu anawoloka nyanja kapena anabwera pa galimoto. Sabata iliyonse imene sukulu ya pachilumba yataya, sukulu ya m'tauni ya Zomba yapita nayo patsogolo.

Kodi kalendala yakhala ili chonchi kuyambira kale?

Ayi, yasinthapo kangapo. Akuluakulu amene anaphunzira nthawi ya Kamuzu Banda amakumbukira kuti chaka cha sukulu chinkayamba m'chilimwe, mvula isanagwe. M'zaka za m'ma 1990, nthawi ya Bakili Muluzi, chinasunthidwa kuti chiziyamba mu Januwale. Ndi nyengo yomweyo, mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Nthawi ya Bingu wa Mutharika kalendala inabwezedwa, ndipo kuyambira mu 2010 chaka chinayambanso kutsegulira mu Seputembala.

Kwa mlimi ndi msodzi, ubwino wa Seputembala ndi woonekeratu. Mu Januwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndalama zitathera ku mbewu ndi feteleza. Mu Seputembala banja limakhala litagulitsako mpunga, nandolo kapena nsomba, ndipo yunifomu ndi makope zimatheka kugula.

Mliri wa Covid-19 unasokonezanso zonse. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, n'kuyamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala ndi Okutobala chaka chomwecho. Zaka za sukulu za 2021 ndi 2022 zinayamba mu Januwale, maholide anafupikitsidwa kuti nthawi yotayika ibwezedwe, chaka chotsatira chinayamba mu Okutobala 2022, ndipo pofika 2023 tinabwerera ku Seputembala.

Ngati ana ambiri amatayika pa holide, bwanji osangophunzira chaka chonse?

Munda umene sugonekedwa umaguga. Mutu wa mwana nawonso umafuna kupuma kuti zimene waphunzira zikhazikike. Mphunzitsi amene wakhala miyezi itatu akulimbana ndi kalasi ya ana ochuluka zedi amafunika nthawi yochonga mayeso, yolemba mapulani a teremu yotsatira, yopita ku maphunziro owonjezera luso lake, ndi yoona banja lake. Kwa mphunzitsi wa pachilumba, amene mwina mkazi kapena mwamuna wake ali kumtunda, holide ndiyo imam'patsa mphamvu yoti apirire teremu ina.

Komanso si nzeru zonse zimene zili pa bolodi. Pa holide m'pamene mtsikana amaphunzira kwa agogo ake kuwamba nsomba osazipsereza, mnyamata amaphunzira kusoka ukonde, kuluka mono, kuwerenga mphepo poyang'ana madzi. M'pamene ana amamva mbiri ya mudzi wawo ndi ya mtundu wawo, amadziwa abale a kutsidya, amathandiza kufolera nyumba. Mwana amene sadziwa za kwawo ndi wosauka ngakhale atakhoza mayeso onse.

Tsono vuto si tchuthi. Vuto ndi tchuthi chopanda mwini, chimene palibe wamkulu akuchiyang'anira, ndiponso chopanda malire, chimene tsiku lake lothera palibe akulisunga mumtima.

Kodi kalendala ya sukulu imakumana bwanji ndi kalendala ya nyanja?

Apa m'pamene Chisi isiyana ndi madera ena. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulukira, ndipo imadalira madzi a mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe. M'zaka zabwino yakhala ikupereka gawo lalikulu la nsomba zodyedwa m'dziko muno: matemba, makumba ndi milamba. Moyo wa pa Chisi umayenda ndi madzi amenewa, ndipo holide iliyonse imapeza nyanja ili pa msinkhu wina.

Holide ya Disembala imagwa mvula itayamba. Ndi nthawi yodzala ndi kupalira, ndiponso ndi nthawi imene a zausodzi amatseka nyanja kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane. Ndalama zimasowa, chakudya chimachepa, ndipo ana amatumidwa ku ganyu. Kumene kuli phala la pasukulu, phalalo nalonso limakhala pa holide, motero mwana amene ankadalira kapu imodzi ija amayamba tsiku ndi m'mimba mopanda kanthu.

Holide ya Pasaka imapeza madzi atadzaza, usodzi utayambiranso, mpunga ukucha m'madambo. Pa doko pamakhala piringupiringu wa ogula nsomba ochokera ku Zomba, ku Limbe ndi kwina. Mnyamata wa zaka 13 atha kugwira tsiku limodzi ndalama imene sanaigwirepo chibadwire. Holide imeneyi ndi yaifupi, koma chikoka chake n'chachikulu.

Holide ya Julayi mpaka Seputembala imabwera ndi mphepo ya mwera, kuzizira, zinamwali, maukwati ndi magule. Anthu akolola, mitima ili m'malo, ndipo masabata ndi ambiri. Ndi holide yokoma koposa, ndiponso ndi imene imameza ana ambiri.

Kodi n'kulakwa kuti mwana azithandiza pa usodzi nthawi ya holide?

Kuthandiza ndi kwina, kugwiritsidwa ntchito ndi kwina. Mwana akamathandiza amayi ake kuyanika matemba pa thandala, kutola nkhuni zowambira nsomba, kapena kupita ndi bambo ake kukavuula miyono pafupi ndi gombe dzuwa likuswa mtengo, akuphunzira moyo wa kwawo. Palibe lamulo loletsa zimenezo.

Zimene malamulo amaletsa n'zina. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati mwana wosafika zaka 14 asalembedwe ntchito, ndipo wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 asapatsidwe ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yosokoneza maphunziro ake. Kukoka khoka usiku wonse m'madzi ozizira ndi ntchito ya mtundu umenewo. Kukagonera pa zimbowera, timisasa toyandama tija tomangidwa pakati pa njedza kutali ndi mtunda, si malo a mwana. Kumeneko asodzi amakhala masabata ambiri, madzi akumwa ndi omwewo a m'nyanja, chimbudzi ndi nyanja yomweyo, ndipo mwana akadwala usiku chipatala chili kutali.

Choopsa china ndi ndalama yofulumira. Mnyamata akazolowera kugona ndi ndalama m'thumba, mphunzitsi amayamba kuoneka ngati wom'tayitsa nthawi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anangoti mbwee pa matope pa Kachulu. Nthawi zonsezi, amene ankadziwa ntchito imodzi yokha ya usodzi anasowa pogwira. Nyanja imaphwa, koma zimene mwana waphunzira m'kalasi siziphwa. Eni makoka ndi komiti za pa doko ayenera kugwirizana chimodzi: mwana wa sukulu asalembedwe m'gulu lokoka khoka, kaya ndi pa holide kaya ndi pa teremu.

Nanga chinamwali? Kodi chimalimbana ndi sukulu?

Sichiyenera kulimbana nayo. M'madera ozungulira Chilwa, pakati pa Ayao, Alomwe ndi Anyanja, ana amalowa ku simba m'chilimwe, ndipo holide yaikulu ndiyo nthawi yake yoyenera. Jando kwa anyamata ndi nsondo kapena chinamwali kwa atsikana ndi sukulu ya mwambo, kumene mwana amalangizidwa ulemu, ukhondo ndi khalidwe. Boma ndi mafumu akhala akunena mawu amodzi kwa zaka zambiri: zinamwali ziyambe sukulu zitatsekera, ndipo anamwali atuluke sukulu zisanatsegulire. Mfumu imene yalola simba kupitirira mpaka m'kati mwa teremu yalanda ana masabata amene sadzawapezanso.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzinena poyera. Choyamba ndi umoyo. Mpeni umodzi usadule ana awiri, chifukwa ndi njira yofalitsira HIV ndi matenda ena. Mdulidwe umachitikanso kuchipatala mwaukhondo, ndipo angaliba ena tsopano amagwirizana ndi achipatala kuti mwana adulidwe kumeneko, n'kukalandira malangizo ku simba. Chachiwiri ndi zimene mwana akuuzidwa. Malangizo a mwana wa zaka 10 asakhale a munthu wolowa m'banja. Mchitidwe wouza anamwali kuti akasase fumbi, kutanthauza kuti akagone ndi munthu akatuluka, ndi nkhanza kwa mwana, ndipo malamulo a dziko lino amaletsa miyambo yovulaza ngati imeneyi. Nankungwi wanzeru amamaliza malangizo ake ndi mawu akuti: wakula tsopano, bwerera kusukulu.

N'chifukwa chiyani atsikana ndiwo amatsala kwambiri holide ikatha?

Chifukwa pa teremu mtsikana amakhala ndi maso ambiri om'yang'anira: mphunzitsi, anzake, gulu la amayi la pasukulu. Pa holide maso onsewo amachoka, ndipo amatsala yekha pakati pa umphawi wa pakhomo ndi ndalama za pa doko. Wina amam'gulira sopo, wina foni, wina amam'patsa nsomba zoti akagulitse, ndipo mapeto ake ndi mimba kapena banja losakonzekera.

Dziko lonse linaona zimenezi mu 2020. M'miyezi imene sukulu zinali zotseka chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anali pafupifupi 13,000. Chiwerengero chimenechi chikusonyeza kuti sukulu si malo ophunzirira okha; ndi mpanda wotchinjiriza mwana.

Makolo adziwe zinthu zitatu. Choyamba, kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola munthu wosafika zaka 18 kulowa m'banja, ngakhale makolo atavomera. Mafumu ali ndi mphamvu yothetsa maukwati otere, monga anachitira Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto ku Dedza, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu. Chachiwiri, kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, choncho mimba si mapeto a maphunziro. Chachitatu, pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene bungwe la YONECO la ku Zomba konkuno limayendetsa. Mwana kapena mnansi atha kuimba akaona zoipa zikukonzedwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndi ana ati amene ali pa chiopsezo chachikulu?

Ndi a Sitandade 8. Iwo amalemba mayeso awo a PSLCE kawirikawiri mu Meyi, anzawo akadali m'kalasi, ndipo Fomu 1 imayamba mu Seputembala. Ndiye kuti holide yawo imayandikira miyezi inayi. Pa msinkhu wa zaka 14, 15 kapena 16, miyezi inayi yongokhala ndi yaitali kwabasi. Mwanayo sali ku pulayimale, sali ku sekondale, ndipo palibe kaundula amene akuitanidwa dzina lake m'mawa.

M'miyezi imeneyi m'pamene ena amati akuyembekeza zotsatira ali pa khoka, ena ali kwa achibale m'tauni kumene asanduka antchito a m'nyumba, ena atatomeredwa kale. Dzina likamadzatuluka kuti wasankhidwa, mwini wake amakhala atapita.

Banja lanzeru limaona miyezi imeneyi ngati nthawi yokonzekera. Kwa mwana wa pachilumba, sekondale nthawi zambiri imafuna ndalama zoyendera, zogonera ndi zodyera, kuwonjezera pa yunifomu ndi makope. Ndalamazo zisayambe kufunidwa sabata yotsegulira. Thumba la mpunga lisungidwe padera mu Juni, nkhuku kapena mbuzi ilozedwe kuti iyi ndi ya sukulu. Ndipo mwana amene sanasankhidwe asauzidwe kuti basi zake zada. Atha kubwereza kalasi, kapena kulowa sekondale ya masana imene imalandira ana osasankhidwa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndi matenda ndi ngozi ziti zimene makolo ayenera kusamala nazo?

Pa holide ana amakhala m'madzi nthawi yaitali kuposa pa teremu, ndipo madzi a Chilwa ali ndi zake. Likodzo ndi lofala m'dera lino. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu mwana akamasambira kapena kuwedza. Mnyamata akamakodza magazi, si chizindikiro cha kukula ayi, ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Achipatala akabwera kudzagawa mankhwalawa kusukulu, mwana asabisidwe.

Kolera ndi mlendo wodziwika ku Chilwa, makamaka m'nyengo ya mvula. Mu 2016 asodzi a pa zimbowera analandira katemera wakumwa chifukwa cha mliri umene unabuka panyanjayi, ndipo mliri waukulu wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unayambira m'boma la Machinga loyandikana ndi Zomba. Madzi akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe, ndipo mwana akayamba kutsegula m'mimba kwambiri apatsidwe thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala msanga. Malungo nawo sapita ku holide. Masikito ndi ogonamo, si ophera matemba.

Ngozi ina ndi ya pamadzi. Chilwa ndi yosaya, koma mwera ukaomba mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, mafunde ake amagubuduza bwato. Ana asapalase bwato okha kupita kutali, ndipo boti lodzaza mopitirira muyeso lisakweredwe, ngakhale mwiniwake atati malo alipo. Kudikira boti lina si kuchedwa.

Nanga tchuthi chobwera mwadzidzidzi, monga cha mliri kapena namondwe?

M'zaka zaposachedwa taona kuti holide ina siilembedwa pa kalendala. Kupatula Covid-19, mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira kwa masabata awiri chifukwa cha kolera. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anawononga chigawo cha kummwera, sukulu zinatsekedwa m'maboma ambiri kuphatikizapo Zomba, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu amene nyumba zawo zinagwa. Madzi a Chilwa anakwera n'kulowa m'malo amene anthu anali atazolowera kuti ndi pamtunda.

Tchuthi chotere n'choopsa kuposa cha pa kalendala, chifukwa tsiku lobwerera silidziwika msanga. Mwana amene sakudziwa kuti abwerera liti amayamba kukonza moyo wina. Apa udindo wa komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi mafumu umakula: kusunga mayina a ana onse, kudziwa kumene banja lililonse lasamukira, ndi kufalitsa uthenga tsiku lotsegulira likangolengezedwa. Nthawi ya Covid-19 maphunziro ena ankaulutsidwa pa wayilesi, ndipo m'mudzi mmene munali wayilesi imodzi yokha, ana ankatha kuizungulira. Phunziro lake ndi loti sukulu ikatsekedwa, kuphunzira kusatsekedwe nako.

Mwana angasunge bwanji zimene anaphunzira, pomwe kunyumba kulibe magetsi kapena mabuku?

Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 2 amadziwa kuti mwana amene ankawerenga bwino mu Julayi atha kubwera mu Seputembala akugwira zilembo mopunthwa. Mpeni wosanoledwa umabuntha. Koma kunola sikufuna ndalama zambiri.

Dzuwa ndi nyali yaulere. Mphindi 30 m'mawa uliwonse, ntchito za pakhomo zikatha, mwana atsegule makope ake a teremu yatha n'kuwerenga mokweza. Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kukhala pafupi n'kumvetsera, ndipo kumvetserako kokha kumauza mwana kuti sukulu ndi chinthu cholemekezeka pakhomo pano. Ana a sekondale amene abwera ku holide asonkhanitse ang'ono awo pansi pa mtengo kawiri kapena katatu pa sabata. Wophunzitsa mnzake amakhwimitsa nzeru zake zomwe.

Masamu ali ponseponse pa Chisi. Mwana awerengere milu ya matemba, apeze phindu la tsikulo, ayerekeze mtengo wa pa Kachulu ndi wa mumsika wa Zomba. Alembe nthano imene agogo anena usiku. Alembe mayina a mbalame za m'dambo, pakuti dambo la Chilwa n'lodziwika padziko lonse chifukwa cha mbalame zake, ndipo linakhala loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. Ku tchalitchi ndi ku madrasa nakonso mwana amawerenga, ndipo atsogoleri a mipingo ndi mizikiti angathandize pokumbutsa za sukulu.

Pa za maphunziro olipira a pa holide, makolo asadzione olephera ngati alibe ndalama. Mwana wowerenga kope lake tsiku ndi tsiku sasiyana kwambiri ndi amene walipiridwa.

Kodi kuchedwa sabata imodzi potsegulira kuli ndi vuto lanji? Paja amati sabata yoyamba ndi yongosesa.

Maganizo amenewa ndiwo awononga ana ambiri. Ana amachedwa poti aphunzitsi sayamba msanga, aphunzitsi sayamba msanga poti ana sanabwere, ndipo sabata imatha aliyense akudikira mnzake. Tawerengani nokha: sabata imodzi pa teremu ndi masabata atatu pa chaka, ndipo pa zaka 8 za pulayimale ndi masabata 24. Amenewo ndi pafupifupi materemu awiri athunthu, otayika popanda mliri, popanda namondwe.

Komanso tsiku loyamba ndilo limaulula amene akusowa. Mwana akapanda kuoneka Lolemba lotsegulira, n'kutsatiridwa Lachiwiri, nthawi zambiri amabwerera. Akadikiridwa mwezi wathunthu, amakhala atazolowera kwina, manyazi am'gwira, ndipo kum'bweza kumavuta. M'mera mpoyamba. Lamulo la maphunziro la mu 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza kwa mwana aliyense, koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingawoloke lokha kufika pa Chisi. Amaliwolotsa ndi anthu: amfumu amene amalengeza tsiku lotsegulira pa msonkhano wa mudzi, amayi a gulu la pasukulu amene amayenda khomo ndi khomo, mwini boti amene amafunsa mwana kuti bwanji uli pano nthawi ya sukulu, ndi mphunzitsi amene wawoloka Loweruka kuti Lolemba apezeke m'kalasi. Kusowa yunifomu kusakhale chifukwa chosungira mwana pakhomo. Apite ndi zovala zimene ali nazo, zinazo zim'peza ali m'kalasi.

Mawu kwa makolo ndi atsogoleri a pa Chisi

Ana athu apume, asewere mpira, avine, acheze ndi agogo awo, aphunzire za nyanja imene yalera makolo awo. Holide ndi yawo, ndipo ndi yabwino. Koma tsiku limene mwana wabwera ndi pepala la mayeso, funso loyamba lisakhale lakuti wakhala nambala chiyani lokha. Mufunsenso kuti mukatsegulira liti, ndipo tsikulo mulilembe pakhoma ndi khala ngati kalendala mulibe. Dziwani kumene mwana wanu wagona usiku uliwonse wa holide. Simba litsekedwe pa nthawi yake, khoka likokedwe ndi akuluakulu, ndipo mwana wosafika zaka 18 asaperekedwe ku banja. Chitsulo chikadzalira Lolemba lotsegulira, tiyeni tiwerenge ana athu mmodzimmodzi, ndipo amene sanaoneke timulondole tsiku lomwelo.